Mwana Akabwera ndi Ntchito ya Kompyuta, Timthandize Motani?

Nkhani yathu ya lero ikuyambira kwa Nchema, m'boma la Chiradzulu, koma ikukhudza khomo lililonse kumene kuli mwana amene wayamba kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta, kaya ku sekondale, kumene phunziro la kompyuta lili pakati pa maphunziro olembedwa pa mayeso a MSCE, kaya ku koleji. Ndikulankhula ndi ana a sukulu, komanso makamaka ndi inu achimwene, achemwali ndi atsibweni amene anawo amathamangira kwa inu ntchito ikawakanika.

Chiradzulu ndi boma laling'ono koma la anthu ambiri. Kalembera wa mu 2018 anapezako anthu oposa 350,000, ndipo aliyense amene anayendako akudziwa kuti minda yakumeneko ndi tizigawo ting'onoting'ono, chimanga ndi nandolo zili m'munda umodzi. Makolo ambiri sangathe kugawira mwana aliyense malo omukwanira, kotero chimene amayesetsa kumusiyira ndi sukulu. Masukulu akuluakulu nawo sali kutali. Ku Nguludi, m'boma lomwelo, kuli yunivesite ya Katolika imene inatsegulidwa mu 2006. Ku Thyolo kuli MUST, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 2014. Ndipo ku Blantyre kuli MUBAS, imene mpaka mu 2021 tinkaidziwa ndi dzina loti Polytechnic. Mwana amene akulota zokaphunzira za kompyuta ku Thyolo kapena ku Blantyre ayenera kudutsa pa khomo limene tikambe lero, ndipo ndi khomo lopapatiza.

Tiyerekeze mtsikana wa kwa Nchema, wa pa khomo limene amaweta ng'ombe ya mkaka, monga achitira alimi ambiri a ku Chiradzulu ndi ku Thyolo. Aphunzitsi apereka ntchito yoti ibwezedwe Lolemba: alembe pulogalamu, m'chiyankhulo cha kompyuta chotchedwa Python, yofunsa malita a mkaka amene ng'ombe yatulutsa tsiku lililonse kwa masiku 7, iwonkhetse malitawo, ndipo itulutse avareji ya tsiku limodzi. Kusukulu makompyuta ndi ochepa, ndipo nthawi yake yokhala pamakinapo inatha pulogalamu isanayende. Kunyumba kompyuta kulibe. Koma ali ndi mchimwene wake amene amagwira ntchito ku Limbe, ali ndi laputopu, ndipo zimenezi anaziphunzira kale. Loweruka madzulo mtsikanayo abwereka foni ya amayi ake, ajambula pepala la funsolo, nalitumiza pa WhatsApp ndi mawu akuti, "Achimwene, ndithandizeni." Mchimweneyo amamukonda mlongo wake. Pulogalamu yoteroyo ndi ya mizere isanu kapena isanu ndi umodzi, ndipo iye angathe kuilemba tiyi asanazizire.

Tisanaweruze chimene mchimweneyo ayenera kuchita, tiyeni timvetsetsane kuti pulogalamu ndi chiyani, pakuti omvera ambiri, makamaka makolo, mwina mumangomva mawuwo. Pulogalamu ndi mndandanda wa malamulo olembedwa mwatsatanetsatane, ouza makina chochita, chimodzi pambuyo pa chinzake. Mwana wa m'mudzi mukamuuza kuti "katunge madzi", sayembekeza kuti mumuuzenso zoti atenge ndowa, aitsuke, ndi kuti akafika pa mjigo ayambe wapopa. Zonsezo azidziwa yekha. Kompyuta siili choncho. Ndi wantchito waliwiro lodabwitsa, womvera kotheratu, koma wosadziwa kuganizira chimene bwana wake amatanthauza. Mukaiwala kuiuza zotenga ndowa, ipita kumjigo chimanjamanja. Mukaipatsa ndowa yobooka, itunga ndithu, nibwera nayo kunyumba ilibe kanthu, osadandaula. Chifukwa chake kuphunzira kulemba mapulogalamu sikuloweza mawu a Chingerezi monga print ndi input, amene ndi ochepa ndipo mwana amawagwira m'masiku owerengeka. Chimene chimavuta ndi kuzolowera kuphwanya ntchito imene mutu wathu umachita mosaganiza n'komwe, kuti ikhale timasitepe ting'onoting'ono tosasiya mpata.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Tonse timadziwa ganyu. Munda ukakula, udzu n'kumera, palibe cholakwa kulemba waganyu kuti akupalireni, popeza chimene mukufuna ndi chimanga, ndipo chimanga sichifunsa kuti anapalira ndani. Anthu ambiri amaiona ntchito ya kusukulu ndi maso omwewo, ngati kuti aphunzitsi akufuna pulogalamu. Kunena zoona aphunzitsi alibe nayo ntchito pulogalamu ya malita a mkaka. Ali nayo kale, ndipo yolembedwa bwino. Chimene akulima ndi mutu wa mwanayo. Kusokonezeka kuja, kufufuta ndi kulembanso, kukhala ola lathunthu ukuyang'ana mizere isanu osaona pamene palakwika, kumeneko ndiko kupalira kwake, ndipo zokolola zimatsalira mwa amene wagwira khasu. Mchimwene akalemba pulogalamuyo, amene wapindula ndi iyeyo, pakuti wakumbutsidwa zimene ankayamba kuiwala. Mlongo wake watsala mmene analili, koma tsopano ali ndi ngongole, chifukwa phunziro ili limamangidwa ngati khoma la njerwa: ntchito ya sabata yamawa idzakhala pamwamba pa ya sabata ino, ndipo amene sanamvetse kubwereza lamulo kasanu ndi kawiri sadzamvetsa kusunga manambalawo m'mndandanda.

Pali choopsa china chimene ana ambiri sachidziwa. Amaganiza kuti akakopera pulogalamu ya mnzawo, n'kusintha mayina a zinthu, pamene panali "mkaka" n'kulembapo "malita", ndiye kuti abisala. Mphunzitsi wozolowera amazindikira msanga, monga mmene mayi amazindikirira dengu loluka munthu mmodzi ngakhale litapakidwa utoto wina. Ndiponso kuyambira mu 1994 pali chida chotchedwa Moss, chimene anapanga katswiri wina wa ku America, Alex Aiken, choyerekeza mapulogalamu a ophunzira. Sichinyengeka ndi kusintha mayina, chifukwa chimayang'ana kamangidwe ka pulogalamuyo. Komabe ine sindiopa kwambiri kugwidwako. Ndimaopa tsiku la mayeso, pamene foni yatsala kunja, mchimwene ali ku Limbe, ndipo mwana watsala yekha ndi funso.

Wina asamve ngati ndikuti mwana asafunse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo pa ntchito iyi ngakhale akatswiri amafunsana tsiku ndi tsiku. Mwana amene amachita manyazi kufunsa, nakhala chete mpaka teremu itatha, ali pa tsoka lofanana ndi la wokopera uja. Nkhani ndi yakuti afunse liti, ndipo afunse chiyani.

Mtsikana wathu uja akadayenera kuyamba ndi kope ndi pensulo, zinthu zimene sizifuna magetsi. Alembe manambala ongoyerekeza a sabata imodzi: 8, 9, 7, 10, 8, 8 ndi 6. Awonkhetse yekha, apeze 56. Agawe ndi 7, apeze 8. Tsopano akudziwa yankho limene pulogalamu yolondola iyenera kutulutsa, ndipo ichi ndi chuma, pakuti ana ambiri amakondwera makina akangotulutsa nambala iliyonse, osadziwa kuti ndi yabodza. Atatero adzifunse kuti, "Kodi powonkhetsa paja ndinachita chiyani kwenikweni?" Akaganiza modekha aona kuti anali ndi chiwonkhetso m'mutu, chimene chinayamba chili ziro, anatenga nambala ya tsiku loyamba naiphatikiza, anatenga yachiwiri naiphatikiza, mpaka kasanu ndi kawiri, ndipo anagawa kamodzi kokha, pamapeto. Alembe zimenezo m'Chichewa, mzere ndi mzere. Tinene kuti pali chidebe chachikulu chopanda kanthu. Tsiku lililonse timayeza mkaka n'kuthira m'chidebemo. Sabata ikatha timayeza chidebe chonse n'kugawa. Amene walemba zimenezi wamaliza mbali yaikulu ya ntchito, ndipo chatsala ndi kumasulira m'chiyankhulo cha makina. Sindikuwerengerani pulogalamu yake pa wailesi pano, chifukwa ndikatero ndachita chomwe ndikuletsa.

Pomasulirapo ndi pamene zolakwa zimabwera, ndipo zimabwera kwa aliyense. Zina zimadziulula zokha: pulogalamu imaima, pa sikirini n'kutuluka mawu a Chingerezi amene ophunzira amawatcha error. Ana ambiri akaona mawuwo amachita ngati aona njoka, amatseka msanga osawerenga. Kumeneko ndi kutaya mthandizi woyamba, chifukwa uthengawo umatchula nambala ya mzere pamene makina akhumudwira, ndi mtundu wa cholakwacho. Pa ntchito ya mkakayi, cholakwa chimene chimagwira oyamba ambiri mu Python ndi chotchedwa TypeError. Chimabwera chifukwa chakuti chilichonse chimene munthu watayipa poyankha lamulo la input, makina amachilandira ngati zilembo, osati ngati nambala. Kwa ife 8 ndi 8 basi. Kwa makina, 8 wotayipidwa ali ngati chilembo cha pa chikwangwani, ndipo sangamuphatikize ndi chiwonkhetso chimene chili nambala. Mukawauza kuphatikiza 8 ndi 9 onse ali zilembo, sakupatsani 17, akupatsani 89, pakuti angowalumikiza. Mankhwala ake ndi mawu amodzi, int kapena float, osandutsa zilembozo kukhala nambala. Mwana amene wadzipezera yekha chimenechi sadzachiiwala.

Zolakwa zovuta kwambiri ndi zimene sizilira. Pulogalamu imayenda bwinobwino mpaka kumapeto, koma yankho n'kukhala lolakwika. Olemba mapulogalamu amazitcha bug, kutanthauza kachilombo. Mawuwa amisiri ankawagwiritsa ntchito kale, koma pali nkhani yotchuka ya mu 1947, pamene ogwira ntchito pa makina aakulu otchedwa Mark II ku yunivesite ya Harvard anapeza kadziwotche weniweni atakanirira m'kati mwa makinawo, namumata m'buku lolembamo zochitika za tsikulo. Grace Hopper, mayi amene anali m'gulu limenelo, ankakonda kuikamba. Tsono tinene kuti mtsikana wathu watayipa manambala ake aja, ndipo m'malo mwa 8 makina atulutsa nambala yosafika ndi lita imodzi yomwe, 0.857 ndi timanambala tina totsatira. Palibe error, palibe chomulozera. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Abwerere ku kope, ajambule mizati iwiri, wina wa malita a tsikulo, wina wa chiwonkhetso, ndipo iye asanduke kompyuta: atsate mizere yake ndi chala, achite chokhacho chimene mzere ukunena, osati chimene iye ankafuna kuti unene. Kapena ngati ali pamakina, aike lamulo la print m'kati mwa chigawo chobwerezacho, chimene m'kalasi amachitcha loop, kuti aone chiwonkhetso chikusintha tsiku ndi tsiku. Akadzaona kuti chiwonkhetso chomaliza ndi 6, nambala ya tsiku lomaliza, m'malo mwa 56, wafika pafupi ndi una wa kachilomboko.

Pali njira inanso yoseketsa koma yothandiza. Buku lina la olemba mapulogalamu, lolembedwa ndi Andrew Hunt ndi David Thomas mu 1999, linatchukitsa nkhani ya munthu amene ankafotokozera kabakha ka pulasitiki pulogalamu yake mzere ndi mzere, ndipo pofotokozapo ankatulukira yekha cholakwa. Kwathu kuno sitisowa kabakha. Agogo ali pakhonde akusenda nandolo; sadziwa Python, ndipo n'chifukwa chake ali oyenera. Afotokozereni m'Chichewa, kaya m'Chiyao kapena m'Chilomwe, mwa mawu amene iwo angamve. Pamene lilime lanu liyamba kugwiragwira, pamenepo ndi pamene simunamvetse. Makolo amene mumadandaula kuti simunapite patali ndi sukulu, ndipo simungathandize pa phunziro lotere, dziwani kuti kukhala pansi ndi kumvetsera, n'kumafunsa kuti "ndiye zikatero chimachitika n'chiyani?", ndi chithandizo chenicheni.

Zonsezi zikachitika, ntchito n'kukanabe, nthawi yofunsa yakwana, ndipo funso lake likhala losiyana ndi lija la poyamba. Taganizani mchimwene atalandira uthenga uwu: "Achimwene, pulogalamu yanga siikugwira." Ayambire pati? Ali ngati dokotala amene wodwala wangomuuza kuti "ndikudwala", osanena pamene pakupweteka. Njira yachidule yomwe yamutsalira ndi kulemba yake, n'kutumiza. Koma taganizani atalandira uwu: "Achimwene, ntchito yake ndi yopeza avareji ya mkaka wa masiku 7. Nachi chithunzi cha mizere imene ndalemba. Ndikaika 8, 9, 7, 10, 8, 8 ndi 6, pamanja ndikupeza 8, koma makina akupereka 0.857. Ndaona kuti chiwonkhetso chikuthera pa 6. Musandilembere, mungondilozera pamene ndiyang'ane." Funso lotere lili ndi zonse: chimene akufuna kuchita, chimene wayesa, chimene amayembekeza, ndi chimene chatuluka. Limayankhika m'mphindi ziwiri, silidya bandulo, ndipo ngakhale mphunzitsi wotopa amene ali ndi kalasi yodzaza amaliyankha mokondwa. Ngati pali error, mawu ake atumizidwe ndendende mmene alili, osati ofotokozedwa pakamwa, ndipo chithunzi chikhale chooneka bwino, chifukwa mu Python ngakhale kampata kosiyidwa kumayambiriro kwa mzere kali ndi tanthauzo.

Tsopano kwa inu othandiza. Ndikudziwa kuti kuona mbale wako akuvutika ndi chinthu chimene iwe ungathe kuchikonza m'kanthawi n'kopweteka, ndipo manja amayabwa. Komabe muwagwire manjawo. Mukakhala naye pamakina, kutayipa kukhale kwa iye. Yankhani funso ndi funso linzake. Ngati mwaona kuti mfundo yeniyeniyo sanaimve, mulembereni chitsanzo china chofanana nacho koma osati ntchito yakeyo; ngati yake ndi ya mkaka, inu musonyezeni kuwerenga matumba a simenti, iye asamutse yekha nzeruyo. Ndipo musamunyoze. Mawu akuti "zophweka izi" atsekereza ana ambiri, makamaka atsikana amene amva kale kwa anzawo kuti phunziroli ndi la anyamata. Inunso munakhalapo usiku mukufunafuna chifukwa chimene range(1, 7) ankakupatsirani masiku asanu ndi limodzi m'malo mwa asanu ndi awiri, musanadziwe kuti nambala yomalizayo makina saiwerengera. Anzake a m'kalasi nawonso akambirane momasuka njira yochitira ntchito, ayerekezere mayankho a pamanja, koma aliyense akalembe mizere yake payekha. Ndipo ngati pakukayikitsa kuti kuthandizana kulekezere pati, afunsidwe ndi aphunzitsi, pakuti malire amasiyana kalasi ndi kalasi.

Kuyambira mu November 2022, pamene ChatGPT inatulutsidwa, kwabwera mchimwene wina amene sagona, satopa, ndipo sakana. Makina oyankha mafunso amtunduwu angathe kulemba pulogalamu ya mkakayi m'kuphethira kwa diso. Sindinena kuti ana awathawe, popeza kumene akupita adzagwira nawo ntchito. Koma lamulo lake ndi lomwe lija la mchimwene wa ku Limbe. Kuwauza kuti "ndilembere" ndi ganyu. Kuwafunsa kuti TypeError imatanthauza chiyani, kapena kuwauza kuti akufunseni mafunso mpaka mutaona nokha cholakwa, ndi kuphunzira. Dziwaninso kuti makinawa nthawi zina amalakwa, ndipo amalakwa molimba mtima. Amene sadziwa kuyesa pulogalamu ndi manambala a pamanja alibe njira yowagwirira. Foni yomweyo ili ndi ntchito ina yaphindu kuposa imeneyo: pa mafoni a Android pali mapulogalamu monga Pydroid 3 amene amayendetsa Python ngakhale popanda intaneti, akangoikidwa kamodzi. Kutayipa pa foni n'kotopetsa ndithu, koma mizere isanu imatheka, ndipo mwana wa kwa Nchema sayenera kudikira mpaka Lolemba kuti ayese ganizo limene lamubwerera Loweruka.

Tibwerere kwa mtsikana wathu. Mchimwene wake wayang'ana chithunzicho, ndipo cholakwa wachiona nthawi yomweyo: mzere woika chiwonkhetso pa ziro uli m'kati mwa chigawo chobwereza, pamene unayenera kukhala pamwamba pake. Sanena zimenezo. Angoyankha kuti, "Achemwali, mwagwira ntchito. Tandiuzani, chidebe chanu chija mukuchikhuthula kangati pa sabata?" Mtsikanayo ayang'ananso mizere yake, atsata ndi chala, ndipo aona kuti wakhala akuuza makina kutaya mkaka m'mawa uliwonse asanathire wina, kotero pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri m'chidebe mwatsala malita 6 okha, ndipo 6 kugawa ndi 7 ndiye 0.857 uja. Akweza mzerewo, naubweza m'mphepete, ayendetsanso, ndipo patuluka 8.0. Lolemba aphunzitsi akamufunsa chifukwa chimene mzerewo wakhalira pamwamba, ayankha ndi pakamwa pake.